Kupita ku Ukwati wa Mnzanu ndi Ana Aang'ono: Mafunso ndi Mayankho

Khadi la ukwati likafika munthu umasangalala, makamaka akakhala mnzako amene munaonera limodzi mavuto kusukulu kapena pantchito. Koma maso akangogwa pa ana ali pansipo akulimbirana chidole, mutu umayamba masamu: tiyenda bwanji, tikagona kuti, nanga wamng'onoyu akakayamba kulira anthu onse ali zii? Awa ndi mafunso amene makolo timafunsana ulendo wotere ukayandikira. Mayankho ena ndi malangizo odziwika a zaumoyo, ena ndinawadziwa zitandionekera ndekha poyenda ndi ana anga atatu.

Pakhadi alembapo mayina a ife akuluakulu okha. Kodi ana nawonso aitanidwa?

Safunsa anadya phula. Eni ukwati amawerengeratu mipando ndi mbale, ndipo mwana wa zaka 4 amadzaza mpando ngati munthu wamkulu, ngakhale chakudyacho azingochitokosa. Funsani kudakali milungu ingapo, osati usiku woti mawa ndi ukwati pamene mkwatibwi mutu wamuima. Komanso funsani moti mnzanuyo athe kukana osachita manyazi: "Anawa ndibwere nawo, kapena ndiwapezere wotsala nawo? Kwa ine zonse n'zotheka." Mukati "Palibe vuto ndikabwera nawo eti?" ndiye kuti mwamutseka pakamwa kale.

Wandiuza kuti ana asabwere. Zandipweteka mtima.

N'zomveka, koma sikuti mnzanuyo wadana ndi ana anu. Kawirikawiri nkhani imakhala ya ndalama, kuchepa kwa malo, kapena kuti akalola inu ndiye kuti onse obwera nawonso afuna kubwera ndi awo. Siyani ana ndi munthu amene mumamukhulupirira, kapena pitani mmodzi wina atsale, kapena pepesani n'kutumiza mphatso. Chimene sindingakuuzeni n'kungotulukira nawo podalira kuti sangakubwezeni pakhomo. Kukubwezani sangakubwezeni, koma sadzaiwala.

Khanda loyamwa ndi nkhani ina. Mwana wosakwana miyezi 6 amene akudalira bere lokha sungamusiye tsiku lathunthu, ndipo eni ukwati ambiri amamvetsa mukawafotokozera bwino.

Tinyamuke tsiku lomwelo kapena dzulo lake?

Ngati ulendowo ukupitirira maola 3, kafikeni dzulo lake. Msewu umene nokha mumauyenda maola 4, ndi ana uwerengereni 6. Wina afuna kukodza mutangodutsa kumene pamalo abwino kuimapo, wina wadzithira madzi pamalaya, wina nsapato imodzi yalowa pansi pa mpando ndipo sakhala chete mpaka ipezeke.

Ulendo wina tinafuna kuchenjera kuti tisalipire malo ogona. Tinadzutsa ana m'bandakucha, 4 koloko isanakwane. Kufika tinafika nthawi yake, koma pofika masana wa zaka 2 uja anali atasanduka munthu wina. Kumupatsa madzi, kulira. Kumulanda madziwo, kulira. Kumunyamula, akuphiriphitha ngati nsomba yongovuulidwa kumene. Mwambo wonse ndinaumvera panja, nditaima pansi pa zenera, ndipo mnzanga amene ndinayendera mtunda wonsewo sindinamuone akulowa. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, wa zaka 3 mpaka 5 maola 10 mpaka 13. Tulo timene mwamubera m'mawa mumakatibweza masana, anthu akuona.

Posankha kogona, kuyandikira malo a phwando n'kofunika kuposa kukongola kwa chipinda, chifukwa mmodzi wa inu adzafuna kubwererako msanga ndi mwana. Ngati deralo kuli malungo, tengani neti yanu, musadalire kuti mukaipeza.

Ndingamufungate mwana pamiyendo m'galimoto? Ulendo wake si wautali kwenikweni.

Ayi, ndipo pano sindinyengerera. Galimoto ikagunda chinthu ikuyenda makilomita 50 pa ola, mphamvu yake imafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Palibe mikono ya mayi imene ingagwire mwana pa nthawi imeneyo, ngakhale amukonde bwanji. Choipa kwambiri n'kumanga lamba mmodzi inu ndi mwanayo, pakuti thupi lanu ndi limene lingamupsinjire palambapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mipando ya ana ya m'galimoto ikhoza kuchepetsa imfa za makanda pangozi ndi 71 pa 100 aliwonse.

Ana akhale kumbuyo. Khanda likhale mumpando wake woyang'ana kumbuyo kufikira zaka 2 kapena kupitirira, chifukwa mutu wake ndi wolemera pomwe khosi silinalimbe. Mpando wotere musauike kutsogolo pamene pali airbag, thumba la mpweya limene limafufuma mwamphamvu galimoto ikagunda. Lamba wa akuluakulu amayamba kumukwana bwino mwana akafika kutalika kwa masentimita 135 mpaka 150. Asanafike pamenepo lambayo amadutsa pakhosi ndi pamimba, choncho afunika kampando komukweza. Ngati mulibe, bwerekani kwa anzanu amene ana awo akula. Imani pakatha maola 2 alionse, khandalo mulichotse mumpando liwongoke.

Mukakwera galimoto ya anzanu opita ku ukwati womwewo, funsiranitu kuti mudzakhalamo angati. Pobwerera usiku ndi pamene anthu amathithikana, ndipo woyendetsa amene m'mawa anali bwinobwino akhoza kukhala atalawako.

Mwana wanga amasanza akakwera galimoto. Nditani?

Vutoli limagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 12. Chimachitika n'chakuti mkati mwa khutu, mmene thupi limamvera kuyenda, mukunena kuti tikuyenda, pomwe maso amene ali pafoni kapena pabuku akunena kuti taima. Ubongo ukasokonezeka, mseru umayamba. Ndiye foni imene mumamupatsa kuti akhale chete ndi yomweyo imamusanzitsa. Mukhazikeni poti aziona kutsogolo, kutali, tsegulani zenera pang'ono, ndipo asanyamuke ndi njala kapena atakhuta zamafuta. Akayamba kuyasamula pafupipafupi, kutuluka thukuta, kapena kungoti duu mwana wolongolola, imani msanga. Mapepala apulasitiki ndi kansalu konyowa zikhale pamiyendo panu, osati kubuti. Za mankhwala oletsa mseru funsani dokotala kaye, chifukwa ena sayenera ana aang'ono.

Nanga ngati tikuyenda pa basi kapena pa ndege?

Pa basi, mwana amene wapitirira zaka 2 mulipirireni mpando wake ngati thumba likulola. Maola 6 ndi mwana pamiyendo, kutsika kwake miyendo ili dzanzi, malaya ali makwinya okhaokha. Achepetseni zakumwa zotsekemera, pakuti basi siima chifukwa cha mwana wanu, ndipo wamng'ono amene wangosiya kumene thewera muvekeni tsiku limenelo, si manyazi.

Pa ndege, makampani ambiri amalola mwana wosakwana zaka 2 kukhala pamiyendo ya kholo. Makutu amawawa makamaka ndege ikamatsika, ndiye muyamwitseni kapena mumwetseni kanthu nthawi imeneyo, chifukwa kumeza ndi kumene kumatsegula makutu. Ngati mukudutsa malire a dziko, mwana aliyense amafunika zikalata zake, ndipo mayiko ena amafuna kalata ya chilolezo ya kholo linalo ngati mukuyenda nokha ndi ana. Izi zifufuzeni musanagule tikiti.

M'chikwama cha tsikulo muikemo chiyani?

Pakhale zikwama ziwiri: chachikulu chotsala kogona, ndi chaching'ono chimene sichichoka paphewa. M'chaching'onomo mukhale matewera opitirira amene mukuganiza kuti akwana, zopukutira, zovala zosinthira za mwana aliyense, madzi akumwa, tizakudya timene ana anazolowera, juzi ya madzulo, pulasitala, paracetamol wa ana, ORS (ufa wosungunula m'madzi womwetsa wotsegula m'mimba), ndi kabuku ka kuchipatala ka mwana. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a mphumu, mankhwalawo akhale mmenemo. Muikemonso malaya ena a inu eni. Ambiri timaiwala zimenezi, chonsecho khanda likabweza mkaka silisankha phewa.

Zidole tengani zosalira. Kabuku ka zithunzi ndi makrayoni zikwanira. Kagalimoto koimba nyimbo kasiyeni kunyumba, chifukwa kadzaimba pa nthawi ya malumbiro basi.

Ana avale zotani?

Zokongola avale, koma avalire komweko, kutatsala mphindi zochepa, ndipo adye asanavale. Nsapato zatsopano ndiye msampha waukulu. Mwana wanga wamkazi anavala nsapato zoyera zonyezimira zimene zinatuluka m'bokosi m'mawa womwewo. Pofika 11 koloko chidendene chinali chitatupa thuza, ndipo zithunzi zonse za tsikulo ali chosavala, nsapatozo zili m'manja mwa bambo ake. Ziguleni kudakali sabata ziwiri, azizivala pakhomo. Diresi ya nsalu yoyabwa muikireni kamalaya kofewa mkati, ndipo mnyamata amene akuphunzira kupita kuchimbudzi yekha musamuveke buluku la mabatani ambirimbiri ndi lamba.

Mwana wanga amusankha kuti ayende kutsogolo kwa mkwatibwi. Bwanji akakakana pa tsikulo?

Akhoza kukana ndithu. Mwana wa zaka 3 amene kunyumba amayenda monyada amatha kuuma ngati chitsa akaona maso onse ali pa iye. Muuzirenitu mnzanuyo kuti pakhale njira ina. Mwanayo akaone malowo dzulo lake, ndipo mmodzi wa inu akhale kutsogolo, kumapeto kwa mzere, kuti aziyenda akubwera kwa munthu amene akumudziwa. Akakana, musamukalipire pagulu. Munyamuleni, mwambo upitirire.

Akayamba kulira kapena kulongolola mwambo uli mkati?

Tulukani naye msanga. Musayembekeze kuti mwina atonthola, chifukwa mphindi imene mukumunyengerera ndi "shii, shii" ndi imene anthu sakumva zimene akwati akulonjezana, ndipo ngati akujambula vidiyo, kulirako kudzakhalamo mpaka kale. N'chifukwa chake malo a makolo ndi kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo. Mukakhala pakati, potuluka mudzaponda anthu asanu ndi awiri.

Wamkulupo mufotokozereni zimene zikachitike: tikakhala pansi, anthu akaimba, wina akalankhula nthawi yaitali, kenako tikadya. Yeserani kunong'ona kunyumba ngati masewera. Ndipo onse apite kuchimbudzi mwambo usanayambe, ngakhale amene akulumbira kuti sizikumupweteka. Ameneyo ndi amene adzalengeze mokweza kuti mkodzo wamupana, holo yonse ili chete.

Anthu adzakhala ambiri, ndipo ambiri ndi odziwana nawo. Si ndiye kuti ana adzakhala otetezeka?

Apa ndi pamene ambiri timapusira. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, inde, koma paphwando mawu amenewa amasanduka msampha: mayi akuganiza kuti mwana ali ndi bambo, bambo akuganiza kuti ali ndi azakhali aja anamunyamula poyamba, azakhaliwo anamutsitsa kalekale n'kupita kukavina. Anthu onsewo amamukonda mwanayo, koma palibe amene akumuyang'ana.

Zinatichitikira. Ndinakumana ndi anzanga amene tinasiyana zaka 10 zapitazo, tinayamba kukumbutsana zakale, kuseka mpaka misozi. Nditacheuka, wa zaka 3 palibe. Ndinayang'ana bambo ake, iwonso akundiyang'ana ine. Miyendo inazizira. Tinathamangira koimika magalimoto, kuchimbudzi, kuseri kwa khitchini, ine nsapato zili m'manja. Tinamupeza pansi pa tebulo lomwe ndinakhalapo, nsalu ya patebulo itamuphimba, ali mtulo, kachidutswa ka keke kali m'manja. Sizinathe mphindi 10, koma phwando kwa ine linathera pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo timapatsirana mwana ndi pakamwa. "Ndakusiyirani mwanayu, mwamulandira?" Winayo ayankhe kuti "Ndamulandira." Popanda yankho ndiye kuti akadali m'manja mwako. Timagawananso nthawi, ola ili ndi langa, linalo ndi lanu, ndipo amene ali pantchito sagwira foni, samwa mowa, salowa m'bwalo lovinira. Pawiri pawiri sipauzirika: sungakhale mnzake wa mkwatibwi ndi mlonda wa ana nthawi imodzi. Amene ukwatiwo ndi wa mnzake apatsidwe nthawi yochulukirapo yocheza, winayo adzabwezeredwa ukwati wina. Ngati muli nokha, pemphani munthu mmodzi, momutchula, ndipo asakhale mwana mnzawo wa zaka 9 amene nayenso akufuna kusewera.

Mukangofika yenderani malowo ndi maso a mwana: geti lili kuti, magalimoto akubwerera chambuyo pati, zingwe za magetsi zadutsa pati, moto wophikira uli kuti, ndipo koposa zonse, madzi ali kuti. Damu losambiramo, dziwe la nsomba, thanki yosavundikira, ngakhale ndowa. Mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi akuya masentimita 5 okha, ndipo pomira sakuwa. Mwana akasowa, yambani kuyang'ana kumadzi, kenako kumagalimoto, kwinako pambuyo. Ajambuleni ana akangovala kuti mukhale ndi chosonyeza anthu, ikani kapepala ka nambala yanu ya foni m'thumba mwawo, ndipo aphunzitseni dzina lanu lenileni. Paukwati mayi aliyense dzina lake ndi "amayi".

Zoimbira zimakhala zokweza kwambiri. Zingamupweteke mwana?

Zingamupweteke, ndipo timinyewa ta mkati mwa khutu tikaonongeka sitimeranso. Phokoso la madesibelo 85 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) ndi pamene ngozi imayambira munthu akakhalitsapo, pomwe la madesibelo 100, limene masipika akuluakulu amafika mosavuta, ngakhale wamkulu sayenera kukhalapo kupitirira mphindi 15. Simufunika makina oyezera: ngati mukukuwa kuti munthu amene mwayandikana naye akumveni, phokosolo lamukulira mwana. Khalani kutali ndi masipika, muzituluka naye kukapuma. Thonje m'makutu silithandiza kwenikweni. Zotchinga makutu za ana, zija zokhala ngati mahedifoni, ndi zimene zimagwira ntchito.

Ana adye chakudya cha paphwando?

Adye, koma musachidalire. Chakudya cha paukwati sichibwera nthawi imene yalembedwa papulogalamu, ndipo mimba ya mwana siidziwa kuti kukadali zolankhula zina zitatu. Adyetseni nthawi imene amadyera kunyumba, cha paphwandocho chingokhala chowonjezera. Sankhani chotentha. Chophika chimene chakhala poyera kupitirira maola 2 ndi chimene chimatsegula m'mimba. Mkaka wa m'botolo wosungunula kale nawonso usapitirire maola 2. Ngati mwana ali ndi chakudya chimene chimamuwenga, uzani eni ukwati kudakali nthawi, ndipo chenjerani ndi alendo okoma mtima amene amangoika kanthu m'kamwa mwa mwana osafunsa.

Ziwiri zimene maso anu asazisiye. Choyamba, zotsamwitsa: mtedza wathunthu, maswiti olimba, mphesa zosadula, ndi zidutswa za mabaluni ophulika n'zoopsa kwa mwana wosakwana zaka 5, makamaka akamadya akuthamanga. Akatsamwa koma akutsokomola, musiyeni atsokomole. Akalephera kulira kapena kupuma, muweramitseni, mumumenye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Zikakanika, khanda losakwana chaka mulikanikize pachifuwa kasanu ndi zala ziwiri, wamkulupo mumukanikize pamimba chokweza, uku wina akuitana thandizo. Chachiwiri, matambula osiyidwa patebulo. Mwana amamwa chilichonse chokongola mtundu, ndipo mowa wochepa chabe ukhoza kumutsitsa shuga m'thupi moopsa.

Aliyense akufuna kunyamula khanda langa. Ndikane bwanji osakhumudwitsa anthu?

Liberekeni. Khanda limene lili kumsana kapena pachifuwa pa mayi ake anthu amangolisuzumira n'kupita. Amene mwamulola asambe m'manja, asalipsompsone kumaso, ndipo wa chimfine kapena zilonda za pamilomo alionere patali. Khanda la milungu yochepa chitetezo chake n'chofooka, ndipo matenda amene kwa wamkulu ndi aang'ono kwa ilo akhoza kukhala a kuchipatala. Mukati "Anamwino anatiletsa," palibe amene amatsutsa.

Wagona m'galimoto. Ndingamusiye mmenemo ndikalowe kwa mphindi zochepa?

Ayi, ngakhale mutatsegula zenera pang'ono, ngakhale pamthunzi. M'galimoto yotseka kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo thupi la mwana limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la wamkulu. Komanso paukwati palibe "mphindi zochepa": mukangolowa wina akukokerani ku chithunzi. Khalani naye, kapena munyamuleni. Mukatsika kiyani galimoto kuti ana osewera chibisalirano asalowemo.

Akadwala tili kumeneko?

Dziwiranitu chipatala chapafupi mukangofika. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika madigiri 38, pitani nalo nthawi yomweyo. Wamkulupo mukhoza kumupatsa paracetamol molingana ndi kulemera kwake, motalikitsa maola osachepera 4, osapitirira kanayi pa tsiku. Aspirin ana musawapatse. Ngati kuli malungo, kutentha thupi kulikonse kayezetseni, ngakhale kutayamba mutabwerera kale kunyumba.

Akatsegula m'mimba, chachikulu ndi madzi. Sungunulani paketi ya ORS monga alembera, muzimumwetsa pang'onopang'ono, kuyamwitsa osasiya. Mukasowa paketi, thirani masipuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mwana amene akukana kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, walefuka, akubanika, kapena wakomoka, musadikire kuti adule keke kaye.

Tichoke nthawi yanji? Sindikufuna mnzanga aone ngati ndamuthawa.

Chokani ana asanafike pothera. Zizindikiro mumazidziwa: kutikita m'maso, kugwa pafupipafupi, kuseka kopitirira muyeso kumene kumathera m'misozi. Tsanzikanitu kwa akwati mukangopeza mpata, kaya pojambulitsa kaya chakudya chitangotha, chifukwa usiku kuwapeza n'kovuta ndipo mukhoza kutaya theka la ola mukuwadikira mwana ali paphewa. Mphatso perekani koyambirira. Macheza enieni ndi mnzanuyo sachitika tsiku limenelo ngakhale kwa amene alibe ana. Muimbireni pakatha sabata ziwiri, phokoso litazizira, mumutumizirenso zithunzi zimene munajambula.

Musanakwere galimoto avuleni ana za ukwati, avale zogonera, apite kuchimbudzi, kuti mukafika mungowanyamula n'kuwagoneka. Ukwati umene tinapita posachedwapa tinachoka gule atangoyamba kukoma, ine ndikuyenda chocheuka. Tisanatuluke n'komwe pageti awiri anali atagona kale, wachitatu akufunsa ndi mawu a tulo ngati mkwatibwi amagona ndi diresi lomwelo.